Chaka Chimene Ntchentche Zinayamba Kuluma Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito yoperekeza anthu okwera phiri kwa zaka 26. Ankadzuka m'mamawa, kupita ku kaofesi ka m'munsi mwa phiri, kapitawo n'kuwapatsa alendo a tsikulo, iwo n'kuwatsogolera mpaka pamwamba ndi kubwera nawo ali amoyo. Alendowo ankakhala a mitundumitundu: magulu a kutchalitchi, anthu a m'maofesi ofuna kuphwetsa mimba, ndi ena okwera matanthwe ndi zingwe, amene bambo ankati mitu yawo siyenda bwino.

Panjirapo pali malo amodzi amene aliyense amawaopa. Mukangodutsa kamlatho ka matabwa, njira imalowa m'chigwa chonyowa cha udzu wautali, ndipo mmenemo ndi kwawo kwa ntchentche zoluma. Si ntchentche za kudzala zija ayi. Izi ndi zotuwa, zimatera mwakachetechete, ndipo mumazindikira zitamwa kale magazi. Zimalowa m'kolala, kuseri kwa khutu, ngakhale m'chikope. Chigwacho n'cha theka la ola basi, koma munthu amatulukamo akudziwomba mbama ngati wazungulira mutu.

Bambo anga okha sizinkawaluma. Anzawo ankatulukamo ali zitupsa zokhazokha, iwo khungu lili see. Ndiye anawapatsa dzina loti a Chikopa, ndipo dzinalo linakula mpaka alendo ena ankafika pa ofesi n'kunena kuti akufuna a Chikopa, wina ayi. Akawafunsa chinsinsi, bambo ankadzigunda pachifuwa n'kunena kuti, “Magazi anga ndi owawa, ntchentche zimadziwa.” Sankanama dala, ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo nafe kunyumba tinkakhulupirira.

Kunyumbako bambo anali munthu wosavuta, kupatula pa nkhani imodzi. M'mawa uliwonse akamavala malaya a kuntchito ankakwinya mphuno.

“Mayi a mwana, malaya awa mumawachapa ndi chiyani? Akununkha ngati mankhwala a chifuwa.”

“Valani muzipita, alendo akudikira,” amayi ankayankha choncho, osacheuka n'komwe.

Amayi sankalola munthu wina kukhudza malaya a kuntchitowo. Zovala zina zonse ndinkachapa ndine kuyambira ndili mtsikana, koma malaya anayi a kuntchitowo anali ndi beseni lawolawo. Ine ndinkangoti ndi nsanje ya anthu okalamba m'banja.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, nthawi imene ntchentche zimasowa m'chigwa muja. Ine ndimaluka tsitsi ku saluni, ndipo ndinasiya kachipinda kanga ka lendi n'kubwerera kunyumba kudzasamala bambo. Loweruka loyamba ndinachapa zonse ndi sopo waufa wonunkhira maluwa. Bambo ananunkhiza kolala n'kunena kuti, “Koma ndiye malaya! Mayi ako akanaphunzira kwa iwe.” Atangotero anachita manyazi ndi mawu awo omwe, ndipo anatuluka osamaliza tiyi.

Mvula itayamba, ntchentche zinabwerera. Tsiku loyamba lenilenilo bambo anafika kunyumba khosi litatupa ngati la ng'ombe. Anakhala pampando wa pakhonde akuyang'ana mikono yawo, kuitembenuza uku ndi uku ngati ndi ya munthu wina.

“Kodi zandiiwala?” anandifunsa.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense anasanduka dokotala. Mnzawo wa kuntchito, amene timamutcha Wamtali, anati ukalamba umatsekemeretsa magazi, akayezetse shuga. Anapita kuchipatala, anawabaya chala, shuga sanapezeke. Azakhali anga anati vuto ndi kaphikidwe kanga, ndimachulutsa mafuta ndi tomato, ndiye kwa milungu iwiri tinadya ndiwo zongowiritsa ngati tili m'ndende. Kapitawo anati izi ndi ntchentche zatsopano zobwera ndi mphepo, koma Wamtali anati ayi, ndi zomwe zija, iye amadziwa kalumidwe kake. Bambo anadzola adyo, anadzola palafini, anadzola kamankhwala ka m'chubu kamene mlendo wina anawasiyira. Ntchentche zinkangowalandira ndi manja awiri.

Chinaipitsa zinthu n'chakuti thupi lawo silinazolowere. Anzawo alumidwa moyo wawo wonse, amangokanda n'kumapitirira. Bambo zikawaluma ankatupa mpaka diso kutsekeka, ndipo munthu wa diso limodzi sangatsogolere anthu m'mphepete mwa phompho. Kawiri konse anabwerera panjira, alendo awo n'kuwasiyira Wamtali. Kachiwiriko kapitawo anawaitanira mu ofesi.

“A Chikopa, ine ndimakulemekezani, koma alendo akudandaula. Loweruka kukubwera gulu la zingwe. Mukabwereranso panjira, ndikuikani pageti muzing'amba matikiti.”

Pageti ndi pamene amaika anthu amene mawondo awo atha. Bambo mawondo awo anali bwinobwino, ankatha kukwera phirilo kawiri pa tsiku. Ankangoyendayenda m'nyumba akudziyankhulira okha kuti, “Phiri silinandikane, miyendo sinandikane, ndiye ndichotsedwe ndi kantchentche?” Ine zinkandipweteka mumtima, komanso kunena zoona zinkanditopetsa, chifukwa nyumba yonse inkanunkha adyo.

Lachinayi masana ndinaganiza zotsegula sutikesi ya amayi, imene tonse tinkaizemba chimwalirireni iwo. Pansi pa nsalu zawo ndinapeza malaya a bambo, ochapa, ositasita, opindidwa bwino. Batani limodzi linali litathothoka, ndipo singano yokhala ndi ulusi inali yobayidwa pakolala, kusonyeza kuti ankafuna kusoka koma matenda anawapeza. Nditangowatambasula, fungo lija linadzaza chipinda. Ndinakhala pansi n'kulira, chifukwa zinali ngati amayi alowa.

Mayi woyandikana nafe anandimva kulira, nabwera. Asanandifunse n'komwe anakweza mphuno.

“Aa, masamba aja.”

“Masamba ati?”

“Amene mayi ako ankawiritsa m'chitini kuseri kwa bafa. Akachapa malaya a bambo ako, ankawatsukuluza komaliza m'madzi amenewo. Ankati ndi oingitsa ntchentche. Iwe sunkadziwa?”

Bambo anali ataima pakhomo la chipinda, diso limodzi lotupa. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji.

“Mwati chiyani, mayi?”

Mayiyo anabwereza, tsopano motsitsa mawu. Bambo anagwira chitseko.

“Nanga osandiuza bwanji zaka zonsezi?”

“Ankati mukadziwa mukana, paja inu ndinu amakani. Komanso ankati, asiyeni, amasangalala ndi magazi awo owawawo.”

Ine ndinalumphira pa funso lofunika. “Ndi masamba a mtengo wanji?”

“Kaya. Ankathyola okha akamachokera kumsika. Anali obiriwira.”

Obiriwira! Ndinatsala pang'ono kuwaponyera sutikesi. Tsamba liti padziko lino limene si lobiriwira?

Lachisanu sindinapite ku saluni. Ine ndi bambo tinayenda njira yonse ya kumsika tikuthyola chilichonse chokhala ndi fungo, anthu akutiyang'ana ngati mbuzi zothawa m'khola. Tinawiritsa bulugamu, masamba a mandimu, a gwafa, ndi zitsamba zina za m'mbali mwa ngalande zimene sindikuzidziwa maina. Zitini zisanu ndi ziwiri zinandandalikidwa kuseri kwa bafa. Bambo ankanunkhiza malaya, n'kununkhiza chitini, n'kubwereranso ku malaya. Ichi akuti chayandikira koma chikusowa kuwawa. Icho akuti n'chomwecho, kenako ayi, si chimenecho. Mwina amayi ankasakaniza mitundu iwiri, mwina itatu, ndani akudziwa? Pofika chitini chachisanu mphuno zathu zinali zitafa, chilichonse chikununkha mofanana.

Bambo anakhala pa njerwa n'kunena kuti, “Zaka 26 ndakhala ndikunyoza fungo limeneli m'mawa uliwonse. Sindinafunsepo ngakhale kamodzi kuti n'chiyani.”

“Munkafunsa,” ndinatero ine.

“Sikunali kufunsa kuja.”

Komabe ine mtima unali m'malo, chifukwa malaya amodzi tinali nawo. Loweruka m'mawa ndinawatulutsa n'kuwaika pabedi. Ndinati avale amenewa, adutse m'chigwa, kapitawo atseke pakamwa, za masamba tizifufuza pang'onopang'ono. Ndinatambasula dzanja kuti ndizule singano ija ndisoke batani, koma bambo anandigwira mkono.

“Ndikawavala ndituluka thukuta.”

“Ee, nanga n'chiyani?”

“Ndiye udzawachapa.”

“Ndidzachapa, inde.”

“Ndiye fungo lidzapita.”

Ndinawakalipira, sindibisa. Ndinati bambo, ntchito yanu ikutha lero, mukusunga fungo? Amayi anavutika zaka zonsezi kuti inu muzikwera phiri, osati kuti muzinunkhiza sutikesi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu ngati akuvomereza. Kenako anapinda malayawo motsatira mizere imene amayi anasiya, singano ili pomwepo, n'kuwabwezera pansi pa nsalu. Anavala ochapa ine, onunkhira maluwa aja, n'kunyamuka.

Anabwera dzuwa lili pamutu, Wamtali atawagwira dzanja, maso onse awiri atatsekeka.

Pano bambo ali pageti. Amang'amba matikiti, amalozera alendo kumene kuli chimbudzi, ndipo anzawo akamadutsa amawatchulabe a Chikopa, ena mwaulemu, ena moseka. Ine ndikamachokera kumsika ndimathyolabe tsamba lililonse lachilendo n'kulifikisa m'manja, koma sindinalipeze. Mpaka lero sindidziwa ngati bambo anachita bwino kapena anapusa. Tsiku lina ndimaona ngati ndawamvetsa, mawa lake ndikawaona atakhala pa kampando ka pageti akuyang'ana phiri, mkwiyo umandibwereranso.

Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi amandiitana kuchipinda kuti ndiwatsegulire sutikesi, poti zala zawo zimalimbana ndi loko. Amaweramira mkati, n'kukoka mpweya kamodzi kokha.

“Tseka msanga,” amatero. “Likutha.”