Mayi Wina wa ku Chidzolomondo

Pa 14 Setembro 2023, pabwalo la chipatala ku Furancungo, mawu a mayi Laurinda anawerengedwa pagulu dzina lawo litachotsedwa. Zoipa zimenezo!

A Laurinda ndi mlimi wa fodya ku Chidzolomondo. Anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ali mtsikana, n'kubwerako ndi mwamuna, mwana kumsana ndi pakamwa posatopa. Koma panalibe munthu wa ofesi amene anawafunsapo maganizo. Kuchipatala ankangouzidwa kuti khalani apo, dikirani.

Ndiye kunabwera Iolanda wa pesquisa, kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chake amayi amaberekera kunyumba. Analibe mafunso a inde kapena ayi. Anakhala pansi m'chigafa, n'kuika kamakina kojambula mawu pakati.

"Amayi, tandifotokozereni."

A Laurinda anafotokoza akusoka fodya mpaka batire linatha. Mtima unachita kuti myaa.

"Koma dzina lanu sitidzalitchula," anatero Iolanda. "Ndi lamulo la ntchito yathu, lokutetezani."

"Kunditeteza kwa yani, mwananga? Ndaba mbuzi?"

Pa tsiku lija a pesquisa anabwerera kudzauza anthu zimene anapeza. A Laurinda anakhala kutsogolo, atavala nsalu yakutchalitchi, akuyembekezabe kuti mwina amva dzina lawo. Iolanda anawerenga:

"Mayi wina anati: 'Mwana wachitatu ndinaberekera m'munda mwa eni, chapa, minibasi yathu ija, itatidutsa yodzaza. Pamalo panga m'chapamo panali patakhala tambala.'"

A Feliciano, amuna awo, anadzambatuka.

"Mayi wina uti? Amenewo ndi akazi anga! Tambalayo ndinamuona ine, wofiira!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, nthungululu zili mbwee. A Laurinda anaimirira, n'kumangitsa nsalu.

"Ndine, Laurinda. Ndipo wadumpha pakati, mwananga. Wasiya amayi amene anandifunditsa nsalu zawo. Bwera nako kamakinako."

Anamaliza nkhaniyo ataimirira, Iolanda akupukuta misozi ya chiseko. Pomaliza anati, "Tsopano ulembe dzina langa." Iolanda anayankha kuti akafunsa akuluakulu ake.

Mvula yagwa, fodya wina wathyoledwa, akuluakuluwo ali zii. A Laurinda akusekabe, ndipo anzawo kudimba amawatcha Mayi Wina. Koma buku la kafukufukuyo likupita kutali lopanda dzina lawo.

Inu akuluakulu a pesquisa, amene akufuna kubisidwa muwabise, ndi bwino. Awa anapempha okha, pamaso pa anthu. Dzina la a Laurinda mulilemba kapena ayi? Yankhani.