Tsiku limene amayi anasowa mawu m'tchalitchi

Ndikukumbukira tchalitchi chathu cha m'munsi mwa phiri la Michesi, cha njerwa zosawotcha ndi denga la udzu. Chinali chaka cha njala, ine ndili kamtsikana ka sitandade 5. Chimanga chinali chitapota masamba ngati anyezi, ndipo kunyumba tinkakhalira mango osapsa owiritsa. Mlongo wanga wamng'ono, Yohane, anali atayamba kutupa mapazi.

Akulu a mpingo analengeza tsiku losala kudya, lopempha mvula. Panjira azimayi ankaseka mofooka, amvekere kusalako tinayamba kalekale osauzidwa. Tinagwada pansi kuyambira m'mawa. M'katimo munali fungo la thukuta ndi fumbi, ana akulira mopanda mphamvu. A Namakhwa, mkulu wa mpingo, anapemphera nthawi yaitali mpaka mawondo anga anachita dzanzi, mimba zathu n'kumawayankha m'malo mwa ameni.

Atamaliza anati, "Amake a Yohane, tipempherereni."

Amayi anali munthu wa pakamwa. Pachitsime panalibe wowaposa. Anaimirira, Yohane ali kumsana, koma sanayankhule. Tinadikira. Ndinatsegula diso limodzi, ndinaona manja awo atagwira chitenje zolimba. Kenaka anati chapansipansi, "Ambuye, Inu ndinu Mulungu. Ine ndine dothi. Ndatopa." Anawonjeza mawu angapo m'Chilomwe amene sindinawamve, n'kugwadanso.

Pobwerera ndinali wokwiya. Njira inali yotentha, ndipo ndinkaona ngati tagwadira pachabe.

"Amayi, bwanji simunamutchule Yohane?"

Amayi anati, "Ndimafuna, mwanawe. Koma ndikanangoyamba, ndikanawakalipira Ambuye. Nanga ine ndine ndani?"

Mvula inabwera mochedwa, chimanga chitauma kale. Yohane sanaone dzungu la chaka chimenecho. Tinamuika m'kati mwa sabata, ndipo Loweruka lake amayi anatenga dothi ndi mwala wozirira, poti inali nthawi yawo yozira tchalitchi. Azimayi anzawo anawaletsa, koma anapita. Ine ndinawasenzera madzi. Anazira pang'onopang'ono, akupumira, ndipo atafika kutsogolo kumene ankaikako Baibulo anayenda chogwada, maso ali pansi.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene iwo analili nthawi imeneyo. Kumene ndimapemphera kuli simenti ndi zokuzira mawu, ndipo achinyamata amamulamula Mulungu kuti achite lero lomwe, ngati akuitana wa kabaza. Sindiwaweruza, nawonso ali ndi njala yawo. Koma ine ndikabwera ku ntchito msana ukuwawa, mwana akudwala, ndimagwada pafupi ndi bedi, mawu n'kundithera pakati. Kale ndinkayesa kuti ndi ulesi. Pano ndimangokhala chete pamenepo mpaka mkwiyo utatsika, kenaka ndimati ameni.