Matayala Akumbuyo a Galimoto ya Atsibweni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwina zitatu, musandipanikize, pakuti amayi ankakumbukira kubadwa kwathu ndi zaka za njala basi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye zolemba zangazi muwerenge modekha. Koma pa nkhani ya matayala, iyayi, sindigonjera munthu. Ndamata matayala pa Ulongwe pano mpaka imvi mbuu, funsani dalaivala aliyense wa minibasi akuuzani kuti Matiyasi ndani.

Chaka chimenecho atsibweni anga a Jailosi, mlongo wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto. Sinali lole kapena pikiapu. Kanali kagalimoto kofiira, kogwada pansi ngati fulu, ka mipando iwiri yokha, denga lake lansalu lochita kupinda. Iwo ankati zoterezi azungu amachitira mpikisano wa liwiro. Akailiza, nkhuku za mudzi wathu wonse kwa Kalembo zinkathawira kutchire. Kutsogolo inali ndi matayala wamba, koma akumbuyo anali otambalala, onenepa ngati mitondo yogoneka. Ana tinkawasisita, azimayi ankaseka kuti galimoto ya a Jailosi ili ndi mbina. Tonse tinawaona matayalawo, ndipo tonse tinkati n'zokongoletsa chabe.

Mvula itakula, madzi anakokolola kamlatho ka pa chigwembe chimene chinali pakati pa mudzi wathu ndi njira yotulukira ku msewu waukulu. Galimoto inatsekeredwa kumudzi, pansi pa mtengo wa mango, itafunditsidwa mphasa. Masiku omwewo ine ndinadzitema ndi khasu pa phazi lamanzere tikubandira chimanga. Bala silinali lalikulu. Amayi analitsuka ndi madzi amchere n'kumangapo kansanza. Koma phazi linatupa, kutupako kunakwera, thupi linatentha ngati phale, ndipo khungu lozungulira bala linayamba kuda. Fungo lake ntchentche zinalidziwa ife tisanavomereze.

M'mawa wina abambo anamanga machira a nsungwi ndi bulangeti. Ankafuna andinyamule ndi anzawo mpaka pa Ulongwe. Basi yopita ku Zomba, kumene kunali chipatala chachikulu, inkadutsa kamodzi kokha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo nyengo ya mvula ikakusiya sunkadziwa kuti ibweranso liti. Akumangitsa luzi lomaliza, atsibweni anatulukira.

"Mwana wa mlongo wanga pa machira ngati maliro? Galimoto ili apo?"

"Alamu, mlatho kulibe," anatero abambo.

"Mlatho ndi mitengo, mitengo ili m'tchiremo. Itanani anthu."

"Basi itisiya, alamu."

"Basi yanuyo tikaipitirira panjira ikutsokomola pa chitunda. Mwanayu akafika ku Zomba inu musanamalize kusamba."

Achinyamata a lero mwina simungamve chifukwa chimene nkhani inathera pomwepo. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Abambo anali mkamwini wochokera kwa Kawinga. Anatibala, inde, ankatilimira ndi kutiveka, koma mwini mbumba anali atsibweni, ndipo pa matenda ndi pa maliro mawu omaliza anali awo. Abambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Machira anatsamiritsidwa pa nkhokwe. Ine, ngakhale mano ankagundana ndi malungo, mumtima ndinakondwa, pakuti galimotoyo ndinali ndisanaikwerepo.

Ntchito anaitsogolera Che Twaibu, Myao wa mudzi woyandikana nafe, mmisiri wa ngolo ndi zitseko, munthu woti akakhoma msomali suzukanso. Amuna anadula mitengo ya tsanya yaitali yowongoka. Nthawi yoyala mlatho wonse panalibe, choncho anagwirizana zogoneka mitengo iwiri mbali ino, iwiri mbali inayo, yomangidwa ndi luzi, pakati n'kusiya pululu. Chofunika chinali kudziwa kuti mizere iwiriyo italikirane bwanji. Atsibweni anabweretsa galimoto pafupi ndi chigwembe, mphuno itayang'ana kutsidya. Ine anali atandigoneka pa mkeka pamthunzi, ndinkaona zonse. Che Twaibu anagwada kutsogolo kwa galimoto, anagoneka nsungwi kuchokera pakati pa tayala lakumanja kufika pakati pa lakumanzere, n'kudula. Muyeso unali umenewo.

Kumbuyo sanapiteko ndi nsungwiyo, ndipo palibe amene anati apite. Akanapitiranji? Njinga, lole ya fodya, thirakitala ikukoka ngolo, zonse zimene maso athu anaonapo pa matope zinkatiuza chinthu chimodzi, kuti lakumbuyo limatsata lakutsogolo. Che Twaibu anangomenya tayala lonenepa lija ndi chikhatho podutsa.

"Che Jailosi, kumbuyoku mumaidyetsa chiyani?"

"Imadya msewu, Che Twaibu, osati zigumu zanuzo!"

Anthu anaseka. Abambo sanaseke. Ankasenza mitengo kuposa wina aliyense, thukuta kamukamu, koma maso awo anali padzuwa. Linakwera, linafika pamutu, linapendeka. Mitengo inali yolemera, magombe oterera, wina unagwera m'madzi, anthu n'kuyambanso kudula wina. Pamene ankamanga luzi lomaliza, aliyense ankadziwa kuti basi inapita kalekale. Tinatsala ndi galimoto yokhayo.

Anandinyamula n'kundikhazika pa mpando. Unali wotentha, ukununkha chikopa ndi petulo. Malo a abambo kapena amayi munalibe. Amayi anandiikira chinangwa chophika pamiyendo, n'kubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Che Twaibu anaima kutsidya atakweza manja.

"Bismillah. Bwerani, bwerani, chimodzimodzi, musakhote!"

Matayala akutsogolo anakwera pa mitengo bwinobwino, pakatikati penipeni, ngati anabadwira pomwepo. Azimayi anayamba nthungululu. Ndiye anafika akumbuyo. Ndinamva galimoto ikunjenjemera, kenako luzi likuduka, thapu, thapu. Matayala onenepa aja anali ataponda m'mphepete mwa kunja mwa mitengo. Makungwa anali onyowa, mitengo inagubuduzikira m'kati, matayala anatsetserekera kunja, ndipo galimoto inakhala pansi ndi mimba yake pa mitengopo, khu! Phazi langa linamenya chitsulo cha pansi pa mpando. Kukuwa kumene ndinakuwa, amayi ankati kunamveka mpaka kudambo.

Atsibweni anaponda moto. Mphamvu ya galimoto ija inali ku matayala akumbuyo, ndipo onse awiri anali lende m'malere. Ankangozungulira, kulira kwadzaoneni, utsi tolo, osasuntha ngakhale pang'ono. Anapondanso. Anapondanso. Ndinasuzumira pa chitseko, pansi panali madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala. Kutsegula chitseko kunali kutsegulira phompho.

Anthu anayesa zonse. Anamanga zingwe kutsogolo n'kukoka, mitengo inayamba kusuntha pa gombe, Che Twaibu anakuwa kuti asiye tingagwere tonse. Ena analowa m'madzi ofika m'chifuwa kuti anyamule ndi mapewa, koma manja sankafika. Anabweretsa ng'ombe ziwiri, zinakana kuyandikira. Mudzi wonse unali pamenepo, amuna amphamvu zawo, aliyense akunena nzeru yake, ndipo ine ndinali pakati pa chigwembe, dzuwa likundiwotcha pamutu, mwendo ukugunda ngati ng'oma. Ndinayang'ana atsibweni. Munthu uja wa mawu ngati bingu anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, osandiyang'ana.

Amene anabwera anali abambo. Anakwawa ndi maondo pa mtengo umodzi kuchokera kumbuyo, anakwera pa galimoto yofiira ija ndi mapazi amatope, n'kunditulutsira pamwamba pakuti denga linali lopinda. 

"Gwira khosi langa, Matiyasi. Usayang'ane pansi."

Machira aja anakawatenga pa nkhokwe, n'kundiwolotsa m'madzimo atandisenza pamapewa. Tinafika pa Ulongwe dzuwa likulowa. Mawa lake basi sinabwere, ankati madzi adula msewu kumtunda. Tinakhala pa khonde la sitolo, abambo akuthamangira galimoto iliyonse yomveka patali, mpaka lole ina yonyamula matumba inatimvera chisoni. Ku Zomba dokotala anadina mwendo wanga ndi chala, ananunkhiza, n'kufunsa abambo kuti munali kuti masiku onsewa. Abambo anangopinda chipewa m'manja. Mwendowo dokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Sukulu inali kutali, nkhani ya sukulu inathera pomwepo.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza galimoto anaichotsa madzi ataphwa. Che Twaibu anandisemera ndodo yoyendera, ndipo anandiuza akugwetsa misozi kuti anakayeza kumbuyo pambuyo pake, nsungwi inaperewera pafupifupi chikhatho. Chikhatho chimodzi. Atsibweni anabwerera ku Joni ndi galimoto yawo, ndipo kumudzi sanapondekonso.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa nditagwira matayala ndi manja angawa, ndiye mverani. Galimoto zothamanga amazipatsa matayala otambalala kumbuyo kuti zigwire msewu, pakuti mphamvu imatulukira kumeneko, ndipo kutsogolo amasiya ocheperapo kuti chiwongolero chisalemere. Tayala lotambalala limafuna limu yotambalala, chitsulo chija tayala limavalapo. Limu imeneyo singakulire m'kati, kuli masipuling'i ndi zitsulo, ndiye kawirikawiri imatulukira kunja. Ikatero, pakati pa tayala pamasunthiranso kunja, uku ndi uku, ndipo miyendo yakumbuyo imatangadza kuposa yakutsogolo. Galimoto imodzi, mapondedwe awiri. Zilipo zina zotangadza kutsogolo, n'chifukwa chake sulosera, umayeza konse. Anyamata a masiku ano amene amaika malimu onenepa pa tigalimoto tawo kuti tioneke bwino, akafika pamalo panga ndimawazungulitsa galimoto yawo yomwe ndi chingwe m'manja. Amati mdalayu ndi wovuta. Ndine wovuta, inde.

Kwa zaka zambiri ndinkafuna munthu womukwiyira. Che Twaibu anayeza moona, ndi nzeru imene inali isanamunamizepo. Atsibweni ankafuna mwana wa mlongo wawo akafike ngati mwana wa bwana, osati ngati mtembo. Amene anadula mitengo anasiya minda yawo chifukwa cha ine. Ndipo kaya basi ija ikanaupulumutsa mwendo, ngakhale dokotala sananene. Otsala anali abambo. Atakalamba, maso atachita khungu, ndinawafunsa tsiku lina tikukhala pakhonde.

"Bambo, bwanji simunangondinyamula m'mawa uja?"



"Ukanafera pa machira anga, akanati mkamwini wapha mwana wa eni."

"Ndiye munaopa?"

"Ndinaopa. Komanso, mwanawe, nanenso ndinkaikhulupirira galimoto ija. Inkalira bwino."

Ndinafuna kukalipa monga ndimachitira, koma ndikanakalipira yani? Ndinazindikira kuti panalibe mdani pa chigwembe paja. Panali anthu ondikonda okhaokha, ataima mozungulira chinthu chimene sankachidziwa, onse otsimikiza, onse akuyang'ana kutsogolo. Chinthu chachilendo chikabwera pakhomo, nzeru zakale zimachiyeza mbali imene zikuizindikira, mbali inayo imakudikira pakati pa madzi. Ndinawagwira dzanja abambo, tinakhala choncho mpaka mthunzi unatichokera.