Mayi wa mfumu anapempha mtembo, anamukaniza

Achimwene Yusufu, lero ndadutsa pa siteshoni ya sitima ya Al Qusais, kuno ku Dubai. Paja m'pamene munkandisimbira za 1066, chaka chimene England inakhala ndi mafumu atatu. Munati wachiwiriyo ataphedwa kunkhondo, mayi ake anachonderera adani kuti awapatse mtembo, koma anawakaniza. Ine ndi mkamwa mwangamu ndinakudulani: "Khalas, basi zakwana, achimwene! Maliro a azungu atikhudza chiyani ife okolopa m'mahotela?" Munangoseka.

Pano mwagona mumchenga wa Dubai, tinakuikani konkuno mwachangu monga mwa Chisilamu. Amayi ku Mangochi sakuleka kundiimbira: "Mwana wanga wagona pati, ndikamuone?" Ndiziwayankha chiyani ine? Nkhani ija simunaimalize, achimwene. Mayi a mfumu aja anapirira bwanji? Ndiuzeni chonde, nzeru zandithera.