Mabeseni a agogo Velu

Fungo la madzi ophikira mpunga likangondipeza, ndimabwerera m'fulati yozizira ija ku Scarborough, kuno kutsidya kwa nyanja, mmene agogo Velu ankakhala atavala majekete awiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, mapazi akuponda matabwa a choombera nsalu, kha-kha, kha-kha, kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutha pawindo.

Sanali agogo anga enieni. Anali Mmwenye wa khomo loyandikana ndi lathu, ife titangofika kumene kuchokera ku Zomba, ine ndikadali mnyamata. Mwana wawo Kumar ndiye anawaitanitsa ku India, n'kuwasiya okha m'fulatimo, iye ali ku mzinda wina, ku Mississauga. Kwawo ankaomba nsalu za silika chibadwire. Ankandiuza m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti kumeneko ankagona pansi pa choombera chifukwa m'nyumba munalibe malo ena, ndipo nsalu iliyonse ikatha inkapita kwa bwana mwini ulusi.

"Ndaveka akazi a eni ake moyo wanga wonse," ankatero. "Wanga anamwalira asanavalepo silika."

Chaka chimenecho ankaomba nsalu yoyamba yomwe inalidi yawo: sari yofiira, nsalu yaitali ija amavala akazi a kwawo, yoti mdzukulu wawo Meena adzavale pa ukwati wake chisanu chikatha. Kumar anawakhomera choomberacho pongofuna kuti nkhalamba isamasowe chochita. Za ulusi sankadziwa kanthu.

Mdani wawo anali hita yotenthetsera m'nyumba. Imaumitsa mpweya, ndipo silika akauma amaduka. Ndiye agogo anaitseka, mu Januwale, chisanu chili pachimake, n'kundandalika mabeseni a madzi pansi pa choombera, matawulo onyowa ali lende pa zitseko, ulusi akuupaka madzi a mpunga kuti ulimbe. M'nyumbamo munkazizira ngati m'firiji.

Tsiku lina amayi anawapititsira tiyi, ine ndili pambuyo. Atangolowa anagwira pakamwa.

"Achikulire, mukufuna kufera nsalu? Iwe, auze m'Chingerezi ayatse hita!"

Ndinawauza. Agogo anaseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa.

"Uwauze amayi ako kuti ine ndikazizidwa ndimavala jekete. Nanga ulusi uvala chiyani?"

"Makani ngati a bambo ako," anatero amayi, n'kuwafunditsa chitenje chawo m'miyendo.

Chifuwa chija chinakula mpaka ambulansi inadzawatenga, nsalu ili pakati. Kumar atabwera n'kumva kuzizira kwa m'nyumbamo analira, ndinamuona ndi maso angawa. Anakhuthula mabeseni onse, n'kuchotsa matawulo, n'kutsegula hita mpaka kumapeto kuti bambo ake adzapeze nyumba yofunda, n'kukhoma chitseko. Ine ndi munthu wa mtima wapachala, aliyense amadziwa, ndipo ndakhala ndikufuna kumutukwana munthu ameneyu zaka zonsezi. Koma ndimutukwane kuti chiyani? Ankakonda bambo ake. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho.

Agogo atatuluka m'chipatala sanavule ngakhale nsapato. Anakhala pa choombera, n'kuponda thabwa kamodzi. Ulusi unayamba kuduka, thu, thu, thu, kuno ndi uko, mpaka unali lende ngati ndevu za chimanga. Anayesa kulumikiza, koma maso sankaonanso bwino. Akamanga umodzi, wina pambali unkaduka.

"Tiyeni tikuthandizeni, achikulire," anatero amayi.

Anapukusa mutu. Anaika chikhato pa theka la nsalu lomwe linali litatha.

Meena anakwatiwa atavala sari ya m'sitolo, yopangidwa ndi makina. Kumar ankauza aliyense kuti inali yofanana ndendende. Yofanana chiyani! Pasanapite nthawi agogo anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba ku Oshawa, ndipo sitinawaonenso. Choombera ndinachipeza kuseri kwa nyumba, kotayira zinyalala, chitatsamira matiresi akutha a anthu ena, ulusi wofiira ukadali m'matabwa.

Lero ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu, kunyamula makatoni a zovala tsiku lonse. Ndikaona katoni yolembedwa kuti zam'katimo n'zoomba pamanja, ndimaitsitsa pang'onopang'ono, ngakhale kapitawo akuwe bwanji. Ndipo chisanu chikayamba, ndimaika beseni la madzi pafupi ndi hita. Mkazi wanga amandifunsa chaka chilichonse.

"Kodi bambo a Chiko, m'nyumba muno muli ulusi wanji?"

Ndimangomuuza kuti asakhuthule.