Achimwene adzipopera perefyumu wa galu

Moni nonse a pabanja.

Galu wanga Tayiga akanyowa amanunkha ngati sokosi. Ndiye dzulo ndinawiritsa maluwa a rozi ndi makoko a mandimu, madziwo n'kuthira m'botolo lakale la perefyumu kuti ndizimupopera akasamba.

Lero m'mawa achimwene a Yona atulukira kuchokera ku Etwatwa atatchena, akuti akukaonana ndi mayi wina wa ku Actonville amene akhala akumufunsira. Ine ndili panja kuyanika zovala, iwo aona botolo pawindo. Adzipopera m'khosi, m'khwapa, mpaka m'ndevu. Potuluka, Tayiga wawanunkhiza bwinobwino, wayamba kugwedeza mchira ngati wapeza m'bale wake, n'kuwaperekeza mpaka pokwerera takisi.

Madzulo ano abwera akumwetulira. Akuti, "Achemwali, mayi uja walola. Wati mwamuna wonunkhira chonchi ndi wodzisamalira. Mundipatseko botolo lina, Loweruka ndikukaonekera kwa abale ake."

Panopa akhala pakhonde ndi Tayiga, onse fungo limodzi. Pagulu pano palibepo, foni yawo ndi ya mabatani. Ndiwauze, kapena tidikire ukwati udutse kaye?