Tsiku Limene Ndinapempha Mbasela

Ndikukumbukira msika wa m'tauni ya Kafue m'mawa wa Loweruka, azibambo a ku Chanyanya akufika akukankha njinga, madengu akudontha madzi a nsomba. Ponseponse pankanunkhira masamba a maungu, chibwabwa chongothyola kumene, ndi dothi lonyowa, chifukwa azimayi ankawaza madzi pa repu kuti asafote. Amai anga anali mmodzi wa azimayiwo. Thebulo lawo linali pafupi ndi mpopi, ndipo matimati ankawasanja timilu, mosamala ngati mazira.

Ine ndinali mu giredi sikisi, kamtsikana kodzimva koopsa. Mnzanga Mutinta, mwana wa bwana wina wa kunjanji, ndinali nditamunamiza kuti Amai amagwira ntchito mu ofesi ku boma. Kwawo ndinkapitako mpaka kudya, koma akati tipite kwathu ku Nangongwe ndinkapeza chozembera. Ndinkaopa kuti akadziwa zoona andisiya, ndipo kalasi yonse imva.

Loweruka lina amayi a Mutinta anatituma kukagula ndiwo. Ndinayesa kumukokera ku mathebulo a kuchipata, ndikumuuza kuti kumeneko n'kotchipa. Ayi ndithu, Mutinta anali ataona kale matimati ofiira pafupi ndi mpopi. Mayo ine! Amai anationa tili patali, nkhope yawo inawala, ndipo anayamba kupukuta manja pachitenge kuti apereke moni kwa mnzangayo.

Ndinawadula asanatsegule pakamwa. "Imwe amai a tomato, ni zingati izi?"

Mukudziwa inu kuti kumsika mzimayi aliyense ndi amai. Liwu ndi lomwelo, koma kaitanidwe kamasiyana, ndipo mwini wake amamva. Amai anaima chilili. Anayang'ana nsapato zonyezimira za Mutinta, anayang'ana ine, kenaka anatchula mtengo ndi mawu awo a malonda. Mutinta atasankha milu yake anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona mwamanyazi, "Iwe, pemphako mbasela, ine nimvela nsoni."

Mbasela ndi kowonjezera kamene wogulitsa amaponyera munthu wobwera kuti adzagulenso mawa. Mwana wa m'nyumba sapempha mbasela. Koma ine ndinapempha, mokweza mawu kuti Mutinta andione kuti ndine wochenjera. "Ikilaniko mbasela, amai, osaumila!"

Amai anawerama, natulutsa matimati akuluakulu amene ankabisa pansi pa thebulo kuti tikadyere kunyumba. Anawaika onse mu pulasitiki ya Mutinta, n'kuwonjezeranso impwa, timabiringanya tating'ono tija, zodzaza dzanja. "Mubwelenso mailo, bakasitoma," anatero, kutiitana kuti tidzabwerenso mawa. Mzimayi wa thebulo loyandikana, yemwe ankandibereka ndili khanda, anangoti "Hee!" n'kutembenukira kumbali. Mutinta anasangalala njira yonse, akunditama kuti ndimadziwa kugula.

Madzulo ndinabwerera kunyumba ndikuyembekezera mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna. Sunabwere. Amai anatula dengu lawo, anasamba m'manja, anaphika repu wa mchere ndi tianyezi basi. Titakhala kudya, Atate anafunsa chifukwa chake ndiwo zinali zoyera choncho m'nyumba ya munthu wogulitsa matimati. Amai anayankha osandiyang'ana kuti matimati atha: "Anasila. Kunali kasitoma mukulu lelo." Atate anaseka.

Nkhaniyo Amai sanaitchulenso. Ankandiluka tsitsi, ankandichapira yunifolomu, chilichonse monga kale, ndipo kukoma mtima kumeneko n'kumene kunkandiwawa kwambiri. Ine wopusa ndinkati ndidzapepesa ndikakula, ndikadzapeza mawu abwino.

Lero msika uli ndi denga la malata, anthu amalipira pa foni, ndipo kumene kuli Mutinta sindikudziwa n'komwe. Ana anga akandiona ndikutsika minibasi nditasenza katundu, amakuwa "Mami!" pamaso pa anzawo, opanda manyazi ngakhale pang'ono. Ndimawayankha ndikumwetulira, koma mumtima ndimachita chisoni. Amai anakhala ndi moyo mpaka kunyamula adzukulu awo. Zaka zonsezo ndinali ndi mpata wonena mawu awiri okha, "Amai, pepani," ndipo tinawaika m'manda ndisanawanene.